Makamera ali pa khoma, nanga kiyi ali ndi yani?

Munthu akayenda masiku ano m'misewu ya Chalala, Chelstone ndi Libala, ngakhalenso m'makomboni monga Chawama ndi Matero, akakweza maso aona timaso ta galasi tili pa mipanda, pa mageti ndi pansi pa malata. Ku Chipata, Katete ndi Petauke nakonso tinafika kale. Zaka za m'mbuyomu makamera otere tinali kuwaona ku banki ndi m'masitolo akuluakulu cabe, koma tsopano mphunzitsi akapuma pa nchito ndi kulandira ndalama zake, amanga mpanda, aika geti ya citsulo, kenaka aitana mnyamata kuti amumangirire makamera anai. Ife sitikutsutsa zimenezi ai. Akawalala aculuka, ndipo munthu ali ndi ufulu woteteza cimene anacikhetsera thukuta. Funso lathu ndi lina. Mwa eni nyumba onsewa, ndi angati amene angatsegule okha bokosi losunga zithunzi lija, lero lomwe lino, popanda kuitana munthu?

Miyezi ingapo yapitayi mnansi wathu wina anamwalira mwadzidzidzi, bambo wa mphamvu zake amene sanadwale ngakhale mlungu umodzi. Tinaika maliro, tinagona pa nyumbapo monga mwa mwambo, ndipo anthu anabalalika. Patapita milungu itatu amai a pa nyumbapo anapita ku mudzi kukaonana ndi akuluakulu a kucimuna, ndipo usiku wina akawalala anadumpha mpanda. Anatenga TV, mabatire awiri a inveta, ndi makina osokera amene amaiwo anali kudalira kuti adzalera nao ana. M'mawa apolisi atafika ndi kuona makamera pa khoma anati, "Nkhani yapepuka, tionetseni zithunzi."

Zithunzizo zinalimo ndithu, pakuti makamera onse anai anali kugwira nchito. Koma mwana wamkulu atagwira mausi kuti abwerere ku usiku wa dzulo, bokosi linafunsa mau acinsinsi, aja tiwachula kuti pasiwedi. Iye sanawadziwe. Amai ake powaimbira lamya anati za makamera zinali za abambo. Foni ya malemu inali yokhoma ndi nambala imene anapita nayo kumanda. Mnyamata amene anaika makamerawo zaka zinai zapitazo anali atasintha nambala. Ena anati ali ku Solwezi, ena anati anamuona ku Kasumbalesa. Mwanayo anayesa tsiku lobadwa la atate ake, nambala ya galimoto, dzina la timu ya mpira imene anali kuikonda, mpaka bokosi linamutsekera kwa kanthawi cifukwa colakwitsa kambiri. Panapita masiku 19 kuti munthu wodziwa nchito apezeke ndi kulitsegula. Atatsegula anapeza kuti zithunzi zakale koposa zimene zinatsala zinali za masiku 12 apitawo. Usiku wa akawalala bokosi linali litaufafaniza kale, pamalo pake n'kusungapo nkhuku zikuyenda pa bwalo.

M'masiku 19 amenewo tinamva madandaulo ambiri. Anthu anali kuti makampani opanga zinthuzi ndi acinyengo, agulitsa katundu koma kiyi asunga okha. Wina anafunsa kuti nanga bwanji osangoika batani limodzi kumbuyo, loti mwini akaiwala alikanikize, zonse zitseguke? Ife tinamva cisoni ndi banjalo, komabe pa mfundo imeneyi sitivomerezana ndi odandaulawo. Bokosi silidziwa nkhope ya mwini. Khomo limene lingatsegukire mai wamasiye mosavuta, lingatsegukirenso mlonda wosakhulupirika, mlamu wa dyera, kapena kawalala amene afuna kufafaniza nkhope yake asanatuluke m'nyumba.

Ndipo dziko linayesapo kale njira yosavutayo. Kale makina ambiri anali kucoka ku fakitale ndi mau acinsinsi amodzimodzi. A Hikvision anali kubwera ndi dzina lakuti admin ndi nambala 12345. A Dahua anali ndi admin ndi admin, kapena 888888. Munthu akaiwala, anali kungofunsa mnzake. Cotsatira cake cinaoneka mu November 2014, pamene zinadziwika kuti malo ena a pa intaneti ochedwa Insecam anali kuonetsa poyera makamera oposa 73,000 a m'maiko osiyanasiyana, ena a m'zipinda zogona ndi pa mabedi a ana, cifukwa eni ake sanasinthe mau a ku fakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa yochedwa Mirai inali kuyendayenda pa intaneti ndi mndandanda wa maina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 odziwika kwa aliyense, n'kumayesa pa kamera iliyonse ndi bokosi lililonse limene yapeza. Inagwira makina zikwizikwi, ndipo mu October caka cimeneco anthu oipa anawagwiritsa nchito kugwetsa kwa maola angapo malo akuluakulu monga Twitter ndi Netflix ku America. Eni makamerawo sanadziwe n'komwe kuti katundu wao ali pa nchito ya anthu ena.

Ndiye cifukwa cake makina ambiri a masiku ano sayamba kugwira nchito mpaka munthu ataika mau acinsinsi akeake pa tsiku loyamba. Ku Britain anafika pokhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira nchito pa 29 April 2024, loletsa kugulitsa makina olumikizidwa ku intaneti amene onse ali ndi pasiwedi imodzi yosavuta ya ku fakitale. Motero kuvuta kumene tikumana nako tikaiwala sikuti ndi nkhanza. Ndi loko imene ikugwira nchito yake. Cimene cifunika ndico kudziwa kuti njira zololedwa zobwererera m'bokosi zilipo, ndipo pafupifupi zonse zimakonzedwa pa tsiku loika makamera, tsiku limene ambiri a ife timakhala tili kalikiliki kuyang'ana ngati geti ikuoneka bwino pa TV.

Tiyambe ndi cimene banja lija likanacita m'mawa woyamba, cimene sicifuna pasiwedi kapena ndalama. Bokosi lija, limene amisiri alichula kuti DVR kapena NVR, lili ndi hard disk mkati, ndipo hard disk ili ngati kope la sukulu limene likadzaza mwana abwerera ku tsamba loyamba, afufuta, n'kulembapo zatsopano. Kope lina lidzaza m'mlungu umodzi, lina m'milungu iwiri kapena inai, malinga ndi kukula kwa disiki, kuculuka kwa makamera ndi kuwala kwa zithunzi. Conco ngati cinthu cacitika ndipo simungathe kulowa, zimitsani bokosi nthawi yomweyo. Zithunzi zimene zili pa disiki sizitha cifukwa cozimitsa. Cimene cizidya ndiko kupitiriza kujambula. Mukapeza mmisiri, muuzeni acotse disikiyo ndi kuiika pambali pamene akulimbana ndi pasiwedi, adzaibwezere m'bokosi lomwelo akatsiriza. Ndipo musalole mwana wa nzeru zapatali aitenge kukaiika pa kompyuta ya ku nyumba. Kompyuta wamba siiwerenga kalembedwe ka mabokosi amenewa; idzangofunsa ngati mufuna kuikonza disikiyo kuti iyambe mwatsopano, ndipo mukavomera mwataya zonse ndi dzanja lanu.

Caciwiri ndi kudziwa kuti mwaiwala ciani, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri asokonezeka. Makiyi ali awiri, nthawi zina atatu. Pali pasiwedi ya bokosi lenilenilo, ya dzina la admin, imene ifunika mukakhala pa TV ndi mausi. Palinso akaunti ya pa foni, imene munthu atsegula ndi imelo kapena nambala ya lamya m'pulogalamu monga Hik-Connect ya makina a Hikvision kapena DMSS ya makina a Dahua. Ndiye pali nambala ina yotsimikizira, imene pa makina ena inalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pa bokosi ndipo pa ena woika makamera aipanga yekha. Munthu angakhale zaka zitatu akuona geti yake pa foni tsiku lililonse, n'kumaganiza kuti zonse zili m'manja mwake, osadziwa kuti foniyo inangosunga makiyi amene wina anailowetsera. Tsiku limene foni yagwera m'madzi kapena yabedwa mu minibasi ndi pamene azindikira kuti alibe ngakhale kiyi mmodzi. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Ngati mwaiwala ya pa foni yokha, nkhani ndi yaing'ono. Pulogalamu itumiza nambala ku imelo kapena ku lamya imene inalembetsedwa, ndipo muika pasiwedi yatsopano. Koma tamverani mau akuti "imene inalembetsedwa." Ngati ndi SIM imene munaitaya kale, pitani ndi citupa canu ca NRC ku kampani ya mafoni mukaibwezeretse isanapatsidwe kwa munthu wina, pakuti nambala yokhala nthawi yaitali osagwira nchito simakhala yanu mpaka muyaya. Ngati ndi imelo ya Gmail imene mwana anakutsegulirani tsiku lomwelo ndipo simunailowenso, dziwani kuti kuyambira December 2023 kampani ya Google inayamba kutsatira lamulo lake lakuti akaunti yosagwiritsidwa nchito zaka ziwiri ingathe kufafanizidwa. Ndipo ngati imelo yolembetsedwayo ndi ya mnyamata woika makamera, ndiye kuti pa intaneti mwini makamera anu ndi iyeyo, inu ndinu mlendo amene anakulolani kusuzumira.

Ngati mwaiwala ya bokosi, yang'anani bwino pa TV pamene likufunsa pasiwedi. Pa makina a zaka zaposacedwa pamakhala mau kapena kacizindikiro ka munthu amene waiwala. Mukakanikiza pamenepo, bokosi likupatsani njira zimene zinakonzedwa pa tsiku loyamba. Ina ndi mafunso atatu acinsinsi amene munthu anasankha ndi kuyankha. Ina ndi imelo yosungidwa: bokosi lionetsa kabokosi ka madontho kaja kochedwa QR code, mukajambula ndi pulogalamu ya pa foni, ndipo nambala yotsegulira itumizidwa ku imeloyo. Pa makina a Dahua nambala imeneyi igwira nchito maola 24 cabe. Makina a Hikvision alinso ndi kafayilo kochedwa GUID, kamene munthu akakopera pa fulashi pa tsiku loika pasiwedi. Mukabweza fulashiyo m'bokosi, likulolani kuika pasiwedi yatsopano. Njira zonsezi zitenga mphindi zowerengeka. Koma ngati woika makamera anazidumpha pothamangira nchito ina, kapena anayankha mafunso ndi dzina la amai ake a iye, pamenepo palibe cimene mungapeze. Pa nyumba ya mnansi wathu zonse zitatu zinali zopanda kanthu.

Ikatsekeka njira imeneyi, itsala yaitali, ya kudzera kwa ogulitsa. Pa makina a Hikvision mmisiri aika pa kompyuta pulogalamu ya kampaniyo yochedwa SADP, alumikiza kompyuta ndi bokosi pa netiweki imodzi, ndipo atulutsa kafayilo kamene kali ndi mbiri ya bokosilo. Kafayiloko katumizidwa kwa wogulitsa wovomerezeka kapena ku ofesi yothandiza makasitomala, pamodzi ndi nambala ya serial imene ili pa kapepala ka pansi pa bokosi, ndipo iwo abweza kafayilo kena kotsegulira. Kawirikawiri afuna umboni wakuti katunduyo ndi wanu, ndipo apa lisiti la ku sitolo limene munaliponya m'kabati lisanduka cuma. Amene anagula bokosi kwa munthu wa pa msewu, kapena analiitanitsa kunja kudzera kwa mnzake, avutika kwambiri, cifukwa ogulitsa a kuno sakakamizika kuthandiza katundu amene sanadzere kwa iwo.

Pali msampha umodzi pa njira imeneyi umene ukhudza ife a m'Zambia koposa ena. Kafayilo kotsegulira kagwira nchito tsiku limodzi kapena awiri, ndiponso bokosi siliyenera kuzima kucokera pamene mwatulutsa kafayilo koyamba kufikira pamene mwalowetsa kaciwiri. Likazima, muyambanso. Tonse tikumbukira 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba ndipo nyumba zambiri zinali kukhala maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku popanda malaiti. Munthu wotumiza kafayilo m'mawa, yankho n'kubwera madzulo, anali kupeza kuti bokosi lazima ndi kuyaka kawiri. Conco musanayambe, liikeni pa inveta kapena pa batire, ngakhale kulinyamula kupita nalo kwa mnansi amene ali ndi sola. Kuzimazima kwa malaiti kuululanso vuto lina: m'bokosi muli kabatire kozungulira ngati ndalama ya citsulo, kamene kasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha, bokosi likayakanso liiwala tsiku. Mudzatsegula bwino, koma zithunzi za Lacitatu lapitali mudzazipeza zitalembedwa caka cina, ndipo wapolisi kapena woweruza adzafunsa mafunso amene simudzatha kuyankha.

Nanga batani lija anthu anali kulifuna? Pa timakamera ting'onoting'ono ta Wi-Fi, tija tigulidwa kamodzikamodzi ndi kuikidwa pa shelefu, batanilo lilipo, ndipo mukalikanikiza masekondi angapo kamera ibwerera mmene inacokera ku fakitale. Mabokosi ena nawonso ali nalo mkati. Koma musasangalale msanga. Batanilo lifafaniza zonse zimene zinakonzedwa, ndipo pa NVR makamera angaleke kuoneka, cifukwa kamera iliyonse ili ndi pasiwedi yakeyake imene inafanana ndi yakale ya bokosi. Kuonjezera apo, pa makina ambiri batanilo silimasula kamera ku akaunti ya pa intaneti. Kampani ilola kamera imodzi kukhala ndi mwini mmodzi, ndipo mukayesa kuiika pa foni yanu idzakuuzani kuti inatengedwa kale ndi akaunti ina. Kuimasula kufuna mwini akauntiyo, kapena pasiwedi ya admin, kapena kupempha kampani ndi umboni. Amene mukugula nyumba kapena kucita lendi nyumba yokhala ndi makamera kale, ganizirani zimenezi musanasaine. Mwini wakale angasamukire ku Ndola koma n'kumaonabe amene alowa ndi kutuluka pa geti yanu.

Munthu akapanikizika, othandiza abodza sacedwa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anyamata amene alonjeza kutsegula bokosi lililonse m'mphindi zisanu mukangotumiza ndalama pa foni, nambala ya serial ndi cithunzi ca QR code. Ena angodya ndalamazo n'kuzimitsa foni. Ena atseguladi, koma taganizani cimene mwapereka: mwauza munthu amene simunamuonepo kuti nyumba yanu ili ndi makamera angati, ndipo mwamupatsa njira yolowera. Palinso timapulogalamu ta pa intaneti timene tinena kuti tipanga pasiwedi kucokera ku serial ndi tsiku. Tina tinali kugwira nchito pa makina akalekale, koma pa atsopano sitigwira, ndipo tina tibweretsa matenda pa kompyuta. Tikumbutsenso acinyamata athu odziwa zinthuzi kuti malamulo a Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act a 2025, amene analowa m'malo mwa lamulo la 2021, aletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda cilolezo. Kutsegulira mai wamasiye bokosi lake iye ali pomwepo ndi nchito yabwino. Kutsegula la mnansi cifukwa mlamu wake wakupemphani ndi mlandu.

Tsopano tinene cimene catipweteka kwenikweni. Vuto la banja lija silinayambe usiku wa akawalala. Linayamba zaka zinai m'mbuyo, tsiku limene mnyamata anatsika pa makwerero, n'kuonetsa abambo zithunzi pa foni, n'kulandira ndalama zake, n'kupita. Mmisiri womanga nyumba akatsiriza, palibe mwini amene amulola kupita ndi makiyi a pa khomo. Nanga n'cifukwa ciani tilola wa makamera kutero? Tiganiza kuti ndi manyazi. Ife a tsitsi la imvi ticita manyazi kufunsa mwana wa zaka 25 kuti atifotokozere kawiri, ndiye tingogwedeza mutu ngati tamva. Safunsa anadya phula.

Kwa inu amisiri oika makamera, tidziwa kuti ambiri a inu ndinu anthu oona mtima amene mukudyetsa mabanja ndi nchito ya manja anu. Tidziwanso cimene mumayankha, pakuti tinafunsa: mukapereka pasiwedi ya admin, mwini nyumba kapena ana ake asokoneza zinthu, kenaka akuitanani usiku kuti mukonze kwaulere. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma yankho lake ndi kulemba pangano lakuti mwini akasokoneza adzalipira ulendo wanu, osati kumubisira kiyi wa katundu amene wagula ndi ndalama zake. Ndipo sitingabise kuti pali ena amene asunga pasiwedi dala kuti kasitomala asapite kwa wina, ndi ena amene aika pasiwedi imodzi m'nyumba zonse zimene agwirako nchito kuti asavutike kukumbukira. Wotere foni yake ikabedwa, kapena akakangana ndi womuthandiza, ndi nyumba zingati zimene zatsala pa mtetete? Mmisiri wabwino ayenera kupatsa mwini nyumba mausi kuti alembe yekha pasiwedi, iye atatembenukira kumbali, monga mmene wa ku banki acitira pa nambala ya khadi.

Mau ena apite kwa abambo. M'nyumba zambiri bambo ndiye asunga zonse m'mutu: pasiwedi ya makamera, nambala ya foni, ya ku banki, ya mita ya malaiti. Ena acita zimenezi cifukwa akazi ao sanaonetse cidwi, ena cifukwa safuna kuti mkazi adziwe nthawi imene galimoto inalowa pa geti, ndipo za amenewa tidzakamba tsiku lina. Alipo amene anena kuti akapereka pasiwedi, mwana wothawa usiku adzafafaniza zithunzi zake. Koma mabokosi amenewa alola kupanga maina angapo, lililonse ndi malire ake. Mwana angapatsidwe dzina longoonera, losatha kufufuta kapena kusintha kanthu. Ca admin cokha ndico ciyenera kudziwika kwa akuluakulu awiri a pa nyumba. Tinaona mmene amai aja anavutikira ngakhale kubwezeretsa SIM ya amuna ao, pakuti kampani ya mafoni siingangopereka nambala ya malemu kwa aliyense wobwera ndi misozi; ifuna makalata osonyeza amene anaikidwa kuyang'anira cuma ca masiye, ndipo makalata amenewo satuluka tsiku limodzi. Pamene iwo anali kuyenda m'maofesi, disiki inali kudzaza.

Pali akatswiri a m'maofesi amene aphunzitsa kuti pasiwedi isalembedwe pa pepala. Ku ofesi, kumene anthu 50 adutsa pa tebulo limodzi, malangizowo ndi abwino. Pa nyumba ife tiona mosiyana. Kawalala wa pa intaneti sangawerenge envulopu imene ili m'sutikesi pamodzi ndi mapepala a puloti ndi makadi a ku kiliniki a ana. Mutu wa munthu ndiwo umaiwala, umadwala, umafa. Lembani pa pepala dzina ndi pasiwedi ya bokosi, imelo kapena nambala ya akaunti ya pa foni ndi pasiwedi yake, nambala yotsimikizira, mayankho a mafunso atatu aja, ndi nambala ya serial. Ikani pamodzi ndi lisiti ndi fulashi ya GUID ngati makina anu ali nayo. Cokhaco musamate pepalalo pamwamba pa bokosi, monga tinaona m'sitolo ina, pamene aliyense wogula sopo anali kutha kuliwerenga. Pasiwedi yeniyeniyo ikhale ya zilembo zosacepera 8 zosakaniza ndi manambala, osati tsiku lobadwa, pakuti ndilo aliyense ayamba kuyesa, monga anacitira mwana wa mnansi wathu.

Amene makamera anu anaikidwa kale, musadikire tsoka. Madzulo ano khalani pa TV, gwirani mausi, yesani kulowa ndi kubwerera ku zithunzi za dzulo. Yang'anani ngati tsiku ndi nthawi zili zoona, ndipo bwererani m'mbuyo kufikira pamene zithunzi zathera kuti mudziwe kuti kope lanu lisunga masiku angati. Mukalephera kulowa, itanani mmisiri wanu pamene nambala yake ikali kugwira ndipo mukali pa ubale wabwino. Apereke pasiwedi, muisinthe iye ali pomwepo, imelo yake icotsedwe, ilowe yanu, ndipo akaunti ya pa foni isamutsidwire ku dzina lanu. Akafuna kudzakuthandizani ali kutali, mungamugawire cilolezo coonera ca masiku owerengeka ndi kucicotsa nchito ikatha. Akakana kapena akayamba kuzengereza, pitani ndi lisiti kwa wogulitsa wovomerezeka.

Katundu wa amai aja sanapezeke, ndipo apolisi alibe nkhope yoti aifunefune. Mmisiri amene anatsegula bokosi anawakhazika pa mpando, nawapatsa mausi, ndipo analemba okha pasiwedi yatsopano ndi cala cimodzi, mwana wao wamkazi akuwawerengera zilembo. Asanapite, mmisiriyo anatsegula mndandanda wa maina ololedwa kulowa m'bokosilo kuti aone ngati zonse zili bwino. Munali maina awiri. Loyamba linali admin. Laciwiri linali ndi mphamvu zonse zoona ndi kufufuta, ndipo pa onse amene tinali m'cipindamo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analidziwa.